Nkhuku ya Tsiku Limodzi

Ana anga, za ubwana wanga ku Dedza sindilemba, chifukwa kunalibe china koma njala ndi mphere. Ndiyambira pamene ndinalembedwa ntchito. Zonse zili m'munsimu ndi zoona. Wokayika akafunse anthu amene analipo, manda awo ndimulozera.

1951: Chipatala cha pamgodi

Ndinatsika sitima ku Gatooma, kumene inu mukuti Kadoma, m'nyengo yozizira, nditavala jekete la amalume limene manja ake ankafika m'mawondo. Anandilemba ntchito yomanga mabala pachipatala cha mgodi wina waung'ono wa golide, kuseri kwa Eiffel Flats. Woyang'anira chipatalacho anali mzungu wamtali amene tinkamutcha Bwana Mangwana, chifukwa chilichonse chimene ungapemphe yankho lake linali mangwana, ndiye kuti mawa m'Chishona. Sanali munthu woipa, koma mawa lakelo silinafikepo. Mankhwala tinali nawo awiri, ofiira ndi oyera. Ofiira anali a matenda a kumtunda kwa mchombo, oyera a kumunsi. Wodwala pamchombo penipeni tinkamupatsa onse awiri. Mabandeji tinkachapa n'kuyanika pawaya, ndipo inalipo imodzi imene ndinaipeza ikugwira kale ntchito, inamanga miyendo ya komboni yonse, n'kudzapuma pantchito mwaulemu ine nditakwatira kale. Zimenezi ndinaona ndi maso angawa.

Tsiku lina kunabwera bambo wina wachikulire, chala chachikulu chitaphwanyika. Anali a Jailosi Mbewe a ku Ntcheu, amene ankaboola miyala pansi pamgodi ndi makina aja ogwedeza munthu mpaka mano. Tinawagoneka masiku angapo. M'mawa wachiwiri ndinawapeza atayala thabwa la mabwalo akuda ndi oyera pabedi, atandandalika tizidole tosema ndi mlombwa, akuyang'anitsitsa ngati pali ndalama yagwera pamenepo.

“Bambo, bawo wanuyu maenje ake ali kuti?” ndinafunsa.

“Uyu ndi bawo wa anthu osalankhula,” anatero osadzutsa mutu. “Inu simungamuthe. Ndakumvani kuyambira dzulo, pakamwa panu sipatsekeka.”

“Ndikhoza kukhala chete.”

“Yambani tione.”

Ndinakhala chete mpaka wodwala wa bedi loyandikana anafunsa ngati ndikumva bwino m'thupi. Ndi mmene ndinalowera m'masewera a chesi.

A Mbewe anaphunzira chesi nthawi ya nkhondo, pamene anasiyako zapansi n'kukaphika kumsasa kumene ankasungako Mataliyana pafupi ndi tauni. Mayina a tizidoleto anali osakaniza. Panali mfumu, imene imayenda pang'onopang'ono ngati ili ndi nyamakazi, ndipo ikatsekeredwa masewera atha. Panali dona, wamphamvu kuposa onse, wopita kulikonse kumene wafuna. Panali kavalo wodumpha mokhota, abusa oyenda chopingasa, ndi nsanja zoyenda mowongoka. Tating'ono ta kutsogolo ankati malayisha, dzina la anthu opakira miyala m'ngolo pansi pamgodi, chifukwa ndi amene amayamba kufa ndipo palibe amawalira.

1953: Kuphunzira kukhalira manja

Anthu amaganiza kuti chesi ndi mpumulo poti osewera amakhala pansi. Ine ndanyamulapo munthu wothyoka msana kuchokera pakamwa pa mgodi mpaka kuchipatala, koma sindinatopepo ngati mmene ndinkatopera nditakhala moyang'anizana ndi a Mbewe Lamlungu masana. Thukuta limatsika m'khwapa ngakhale kukuzizira. Mtima umagunda ngati ukuthamangitsidwa ndi galu, pamene thupi lonse lili phee, ndipo nkhope uyenera kuisunga ngati ya munthu amene akudikira basi. Ukawona njira yabwino, dzanja limafuna kuthamanga lokha. Lamulo ndi lakuti chimene wagwira uyendetse, palibe zoti pepani ndimangopukuta fumbi. Choncho a Mbewe anandiphunzitsa kukhalira manja anga enieni, kuwaika pansi pa ntchafu mpaka mutu utamaliza ntchito yake.

Chowawa kwambiri ndi kugonja. Pampira umanamizira wapagolo, pabawo umanamizira amene amakusokosera kumbuyo. Pachesi palibe mphepo, palibe mfiti, wadzipha wekha ndi dzanja lako, ndipo umapita nako kunyumba kulakwako. Ndinkatsuka chilonda cha munthu Lachitatu maso ali pabala, koma mutu ukubwezabe kavalo amene ndinamuika polakwika Lamlungu. Mlungu wina ndinagonja katatu motsatizana, ndipo ndinaonda moti Bwana Mangwana anandipatsa mankhwala oyera osandifunsa.

Chizolowezi changa choipa chinali kuyang'ana nkhope ya a Mbewe kuti ndidziwe ngati ndayenda bwino. Iwo ankadziwa, ndiye ankausa moyo dala ngati ataya zonse, ine n'kulumphira msampha.

“A Phiri, mukufuna chiyani pankhope panga? Palibe kavalo apa,” ankatero. “Nkhope imanama. Thabwa silinama. Muziyang'ana thabwa.”

Pomafika kumapeto kwa chakacho ndinali nditayamba kuwagonjetsa mwa apo ndi apo. Tsiku loyamba limene ndinatsekera mfumu yawo, anaitana mwana wawo wamkazi. “Esinati, bweretsa tiyi wa shuga. Mlendoyu lero wakhala munthu.” Amene anabweretsa tiyiyo ndi amayi anu. Ndinapsa lilime chifukwa ndinkayang'ana kolakwika, monga mwa chizolowezi.

1954: Ukwati, ndi mathabwa awiri

Tinakwatirana chaka chotsatira, ndipo ndinapeza mkazi n'kutaya mnzanga wosewera naye. A Mbewe tsopano anali apongozi. Kwathu mkamwini sakhala mphasa imodzi ndi apongozi ake, sadya nawo mbale imodzi, sawayang'ana m'maso. Mukakumana panjira umapatuka, n'kunjuta, n'kupereka moni ukuyang'ana tchire. Ena pakomboni anali atayamba kuzisiya zimenezi, koma a Mbewe ayi. Akazi awo anali atamwalira kale, ndipo bambowo ankati mwambo ndi katundu yekhayo amene anabwera naye kuchokera kwawo amene sanabedwe panjira.

Tinapirira mwezi umodzi. Kenako Esinati anabwera ndi uthenga. “Bambo akuti mwambo umaletsa kuyang'anana, koma sunanenepo kanthu za kavalo.”

Ndinasema tizidole tanga ndi thabwa langa. Lamlungu lililonse iwo ankakhala pakhonde la kutsogolo ndi thabwa lawo, ine kuseri kwa nyumba pafupi ndi khola la nkhunda ndi langa, Esinati n'kumazungulira nyumba kunyamula mayendedwe. Iye anabadwira konkuno, Chichewa chake chinali chothira Chishona, ndipo mauthenga ankawathira ndiwo zake.

“Baba akuti m'busa wa kumanzere wapita patsogolo pa kavalo wanu. Akutinso ngati mwatopa mukhoza kukagona.”

“Zogonazo anena iwo kapena iwe?”

“Anena ndi maso.”

Anazungulira nyumba ija zaka ziwiri mpaka panakumbika ngalande, ndipo mvula ikagwa madzi ankayenda mmenemo osalowa m'nyumba. Aneba anabwera kudzafunsa kuti tinalemba ndani ntchito yokumba. Chodabwitsa n'chakuti kuseri kuja ndi kumene ndinaphunzira kusewera kwenikweni, poti nkhope yoti ndiziyang'ana panalibe.

1956: Hartley

Eni mgodi anali ndi mgodi wina cha ku Hartley, kumene lero mukuti Chegutu, ndipo ananditumiza kumeneko kukayang'anira kachipatala ka chipinda chimodzi. Anati ndakwezedwa. Chimene chinakwera ndi ntchito. Kumeneko ndinali womanga mabala, wosesa, wolandira odwala ndiponso wowauza kuti mankhwala abwera mangwana, moti ndinayamba kumumvetsa bwana wanga wakale. Ndinapezako anthu angapo odziwa chesi, aphunzitsi awiri ndi telala wina wa Chiyao, ndipo pasanathe chaka ndinali nditawakwera onse.

Apongozi tinkawayendera pakutha pa mwezi. Ulendo uliwonse ndinkamva chifuwa chawo ndili kuseri kwa nyumba. Ntchito yanga inandiphunzitsa kusiyanitsa zifuwa, ndipo ichi ndinkachidziwa: chouma, chosatulutsa kanthu, cha fumbi la miyala limene limakhala m'mapapo a anthu oboola. Mankhwala ofiira sachifika. Chakumayambiriro kwa 1957 dokotala anawajambula pachifuwa, n'kuwauza kuti zapansi zatha. Munthu wotere ankamupatsa tikiti ya sitima yobwerera kwawo. Aliyense pakomboni ankadziwa chimene munthu amakachita kwawoko, ndipo anthu anayamba kuwalankhula mofewa, kuwapatsa mpando, kuseka nthabwala zawo zisanathe. Esinati anandiuza kuti anzawo a chesi a ku Gatooma anayamba kugonja dala. Iwo anazindikira, n'kutsekera tizidole tawo m'chitini.

1957: Mpikisano

M'miyezi yomweyo mzungu wina woyang'anira zamasewera m'makomboni anakonza mpikisano wa chesi pakati pa Gatooma ndi Hartley, m'holo ya ku Hartley. Mbali iliyonse inayenera kuika katswiri wake patebulo loyamba. Ku Hartley anasankha ine. Ku Gatooma anapita kukagwada kwa a Mbewe, ndipo anavomera atamva dzina la amene adzakumane naye.

Ndinapita kwa mzungu uja kukafotokoza kuti sindingakhale tebulo limodzi ndi apongozi, ndipo ndinapempha kuti atilole mathabwa awiri ndi Esinati. Anandiyankha kuti wayenda maiko ambiri koma sanaonepo mpikisano umene wosewera amabwera ndi mkazi wake wozungulira nyumba. Anakana.

M'mawa wa tsikulo, lole ya ku Gatooma itafika, ankhoswe athu a Sandifolo anandiitanira kuseri kwa holo. Anali atanyamula nkhuku yoyera kukhwapa. Apongozi anaima chapatali atatembenukira kumpanda. Kwathu apongozi akafuna kuti manyazi athe pakati pawo ndi mkamwini, amapereka kanthu pamaso pa ankhoswe, ndipo kuyambira pamenepo mukhoza kukhala pamodzi.

“Apongozi anu akuti landirani nkhukuyi, mukhale nawo patebulo ndipo muwayang'ane,” anatero a Sandifolo. “Koma akuti ndi ya lero lokha. Mawa mubwerere kutchire kwanu.”

“Nkhuku ya tsiku limodzi ilipo pamwambo?”

“Ine ndangotumidwa. Akutinso mawu ena, ndiwanena mmene anenera. Akuti ku Gatooma anthu awaika kale m'manda, akungodikira thupi. Akuti mukawasiyira dala ngakhale malayisha mmodzi, ndiye kuti inu ndi amene mwaponya dothi lomaliza.”

Ndinalandira nkhuku ndi manja awiri, n'kumupatsa Esinati.

Holo inadzaza ndi anthu a kwathu ozolowera bawo, kumene woonerera amakuwa, amaloza, nthawi zina amakulanda njere n'kukuseweretsa yekha. Atauzidwa kuti pano salankhula, anavutika ngati awamanga. Ena anayamba kupereka malangizo pokhosomola, mpaka mzungu uja analengeza kuti wachifuwa aliyense atuluke kupatula a Mbewe.

Ndinakhala pansi n'kudzutsa maso. Zaka zitatu ndinali ndisanaione nkhope imeneyo pafupi. Masaya anali atalowa, kolala ya malaya inali itawakulira, ndipo popuma mapewa ankakwera. Ndinkaidziwa nkhope yotere, ndinkaiona pamabedi.

“Mwanenepa, a Phiri,” anatero. “Mwana wanga akuwononga ufa. Yambani.”

Tinasewera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa linapendeka. Matebulo ena onse anamaliza, anthu n'kudzaunjikana pa ife. Panalibe wotchi yotipimira nthawi, lamulo linali lakuti ganiza koma usagone. Sanandipatse mpata ngakhale pang'ono, ndipo kwa nthawi yaitali ndinaiwala zoti akudwala. Ndinkangomva msana kuwawa ndi malaya kumata. Kenako chifuwa chinawagwira, chachitali, mpaka anagwira m'mphepete mwa tebulo. Chitawasiya anatambasula dzanja, ananyamula dona wawo, n'kumuika pabwalo limene nsanja yanga ikanamutenga kwaulere. Palibe chimene chinkamuteteza. Holo yonse inapuma mpweya umodzi.

Ndinakhalira manja. Ana anga, pantchito yanga ndasankhapo zinthu zovuta, koma apa ndi pamene ndinavutika koposa. Ndikamutenga dona, ndagonjetsa munthu wodwala chifukwa cha chifuwa chake, pamaso pa anthu a makomboni awiri ndi mwana wake, ndipo ndi masewera omaliza amene adzapite nawo kwawo. Ndikamusiya n'kuyendetsa china, aliyense aona, ndipo iwo aona kuposa onse. Ndinaganiza za tiyi wa shuga uja. Ndinaganiza za dothi lomaliza. Ndinayang'ana Esinati pakhomo, nkhuku ili kukhwapa, iye n'kuyang'ana kudenga. Ndinayang'ana apongozi. Poyamba anali atatseka maso, dzanja lili pafupi ndi mfumu yawo. Kenako anatsegula, n'kumayang'ana thabwa ngati munthu woonerera mvula. Anthu amene analipo ankati ndinaganiza nthawi yaitali moti mayi wina wogulitsa mtedza pakhomo anagulitsa wonse, anapita kwawo, anakazinga wina n'kubwerera ndisanayende. Ine sindikutsutsa.

Pomaliza ndinatulutsa dzanja, ndinayendetsa nsanja, ndinamutenga dona n'kumuika pambali. Ndinanena chapansipansi kuti, “Pepani, bambo.”

“Musapepese,” anatero. “Cheki.”

Kavalo wawo anadumpha n'kuopseza mfumu yanga. Ndinaithawitsira pakona, poti kwina kunalibe. Apo ndi pamene ndinaona chimene ndikanachiona kalekale ndikanakhala kuti ndikuyang'ana thabwa: nsanja imene inatenga dona ndi imene inkalondera mzere wakumbuyo, ndipo tsopano inali kutali. Nsanja yawo inatsika mpaka kumapeto. Mfumu yanga inali itatsekeredwa kumbuyo kwa malayisha ake omwe.

Anthu a ku Gatooma anaiwala lamulo la mzungu. Anawanyamula a Mbewe ndi mpando womwe, kuzungulira nawo holo, iwo akukhosomola ndi kuseka nthawi imodzi. Aliyense ankati sanaonepo msampha wotere, kupereka dona kuti uphe mfumu. Mphoto inali bulangete. Ine ndinatsala patebulo, manyazi ndi chimwemwe zikulimbana mwa ine, ndipo mpaka lero sindidziwa chinapambana n'chiti. Madzulo amenewo tinadya sadza, nsima ya kuno, mbale imodzi, ine ndi apongozi anga, kamodzi kokha m'moyo. Nkhuku ija sitinaiphe. Inakhala nafe zaka zambiri, ndipo nkhuku zonse zoyera zimene mukuziona ku Chegutu lero ndi zidzukulu zake.

Patapita milungu iwiri tinawaperekeza kusiteshoni ya Gatooma. Chilolezo cha nkhuku cha tsiku limodzi chija chinali chitatha, choncho ndinaima chapambali ndikuyang'ana njanji, iwo atafunda bulangete lawo la mphoto akuyang'ana sitima, Esinati pakati pathu. Tinali pafupi moti ndinkamva kupuma kwawo, koma analankhula ndi mwana wawo.

“Esinati, uwauze amuna ako kuti panalibe msampha.”

“Baba akuti panalibe msampha,” anatero Esinati.

“Uwauze kuti chifuwa chinandizunguza mutu, dona ndinamuika polakwika. Nditachotsa dzanja ndinaona kuti ndafa. Akanamutenga nthawi yomweyo ndikanagoneka mfumu yanga n'kuwapatsa dzanja. Koma anakhala, nakhala, akundimvera chisoni, mpaka ine ndinatopa n'kuyamba kuyang'ana thabwa. Ndi pamene ndinamuona kavalo uja.”

Esinati sanabwereze. Ndinayankha ndikuyang'anabe njanji.

“Uwafunse kuti nanga ndikanamusiya dona?”

“Uwauze kuti akanapambana, chifukwa malo anga anali oipa kale. Ndipo bwenzi lero ndikukwera sitimayi ndilibe mkamwini.” Anakhosomola pang'ono. “Uwauzenso kuti zaka zonsezi sanamve. Ndinati aziyang'ana thabwa.”

Belu litalira anapisa m'thumba la jekete, n'kuika kanthu m'dzanja la Esinati, iye n'kuika m'dzanja langa. Anali dona wa mlombwa uja, wosalala chifukwa cha zala zawo.

“Anamutenga mwachilungamo, ndi wawo,” anatero, n'kukwera. Chitini cha tizidole tina tonse anapita nacho ku Ntcheu, kumene anakhalako mpaka mvula yachiwiri. Amene anabwera ndi uthenga wa maliro anatiuza kuti anaphunzitsa chesi mudzi wonse, ndipo pamalo pa dona ankaikapo chitsononkho. Akuti mpaka lero kumudzi kumeneko amakhulupirira kuti chitsononkho ndi chimene chimayenda kulikonse.

Ndinagwira ntchito m'zipatala za m'migodi zaka zina zambiri, ndipo ndinasewera mipikisano ina, ina ndinapambana. Koma kuyambira tsiku lija, wodwala akandipempha kuti tisewere, ndinkasewera naye ndi mphamvu zanga zonse, ngakhale amene ndinkadziwa kuti sabata simupeza. Ena ankanditukwana ndikawatsekera mfumu, ndipo ankatukwana ndi mawu a munthu wamoyo.

Dona uja ndi kamtengo kakuda kaja kali pamwamba pa kabati, kamene mmodzi wa inu anatsekera botolo la palafini chaka chonse. Sindikutchula dzina. Mukamadzagawana katundu wanga, wailesi ndi njinga mudzalimbirane mmene mungafunire, koma kamtengoko mudzawapatse amayi anu. Ndi amene anazungulira nyumba.